Bakha wamtengo ndi mbalame za ku Chilwa

Sabata ino ndi gawo langa, ndipo ndakubweretserani nkhani ya bakha. Musaseke msanga. Bakha wake ndi wosadya, wosalira, wosaikira dzira, koma anathandiza kupulula abakha enieni osawerengeka, kenako n'kudzasanduka chuma chogulidwa ndi ndalama zomwe ine ndi inu sitinazigwirepo.

Ndimagwira ntchito ku City Centre, ku Area 13 kuno ku Lilongwe. Amene mumadutsa kuno mukudziwa kuti nthawi ya nkhomaliro timatuluka m'maofesi kukasaka nsima kapena chipisi, ndipo m'mithunzi ya mitengo pafupi ndi poimika magalimoto simusowa munthu woyala malonda. Tsiku lina ndinaima pa madala ena ogulitsa ziboliboli. Panali njovu, mvuu, bawo ndi timipando ta mfumu, zonse zili waliwali ndi polishi. Pakati pake panali bakha mmodzi wa mutu wofiirira, chifuwa chakuda, msana woyera, koma penti yake ili mbuu ngati yakhalitsa padzuwa.

"Madala, bakha uyu bwanji simunamupukute? Polishi wakutherani?"

"Iyayi abwana, ameneyu ndi wa oda. Mzungu wina wa ku America anandionetsa chithunzi pafoni, akuti agogo ake ankasema otere. Wandiuza kuti ndisayerekeze kumuwalitsa. Akuti akawala, abakha anzake amuthawa."

Ndinaseka. Madala aja sanaseke. Anamutembenuza bakha uja n'kundionetsa kumimba: kopanda miyendo, kosalala, kuli kachitsulo kolemera ndi kamphete komangapo chingwe. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chinthuchi sichinapangidwe kuti chikhale pa kabati. Ndi nyambo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsata mbiri yake, ndipo mapeto ake yanditengera ku Zomba, kumene sindinkayembekezera.

Tiyambire pa zimene mukuzidziwa kale. Ngati munakulira kumudzi, munatcherapo ulimbo. Mumadzuka m'mamawa, kupaka ulimbo pa timitengo, kukatiika pamene mbalame zimakonda kumwera madzi, mwina n'kubayapo ngumbi kuti iziphupha. Akatswiri ena ankamangirira mbalame yamoyo pafupi kuti izilira, anzake n'kumatera. Nzeru yake ndi imodzi: mbalame imakhulupirira mbalame inzake. Ikaona kuti ina yatera ndipo ili phee, imati pamenepo pali chakudya ndipo palibe choopsa. Paja akuluakulu anati mbalame zomwera m'chigobi chimodzi zimadziwana nthenga. Mlenje amalowa pa chikhulupiriro chimenechi. Bakha wosema ndi bodza lopangidwa ndi manja, lonenedwa m'chilankhulo cha nthenga.

Bodza limeneli ndi lakale kwambiri. M'chaka cha 1911, anthu okumba ndowe za mileme m'phanga la Lovelock ku Nevada, kumadzulo kwa America, anayamba kutulutsa zinthu zamakedzana. Mu 1924 ofukula zakale awiri, Llewellyn Loud ndi Mark Harrington, anapeza m'dzenje lina la m'phangamo abakha 11 osungidwa bwinobwino. Sanali a mtengo. Anali olukidwa ndi udzu wa m'dambo wofanana ndi mlulu wathu, womangidwa mitolo n'kupindidwa kuti utuluke thupi, khosi ndi mutu. Asanu ndi atatu anali omalizidwa, opakidwa utoto wofiira ndi wakuda, obayidwa nthenga zoyera zenizeni. Atatu anali asanathe. Atawayeza zaka anapeza kuti ali ndi zaka pafupifupi 2,000. Lero amasungidwa ku National Museum of the American Indian.

Taganizirani zimenezo. Kumene kuli phangalo lero n'kouma, koma nthawi imeneyo kunali nyanja yosazama ndi madambo a bango, malo ofanana kwambiri ndi Chilwa. Munthu wina anakhala pansi, kuyang'anitsitsa bakha wa mtundu wa canvasback, n'kuona kuti chimene chimaonekera patali ndi mutu wofiira, chifuwa chakuda ndi msana woyera. Anasunga abakha ake kuti adzawagwiritse ntchito nyengo yotsatira, koma sanabwerere. Mitundu itatu yomweyo ndi imene ndinaiona pa bakha wa madala aja ku Area 13.

Kuno ku Africa nakonso nzeruyi inalipo. Pa chithunzi cha m'manda a Nebamun wa ku Egypt, chojambulidwa cha m'ma 1350 Yesu asanabadwe, chimene chili ku British Museum ku London, mwini mandayo waima m'kabwato pakati pa gumbwa. Dzanja limodzi lagwira chibonga choponyera mbalame, linalo lagwira mbalame zitatu zamoyo za mtundu wa kakowa ngati nyambo. Kumpoto kwa Nigeria, alenje achihausa ankavala pamphumi mutu wosema wa nang'omba, umene amautcha burtu, n'kumayenda chowerama m'udzu akugwedeza mutu ngati mbalameyo, mpaka kufika pafupi ndi nyama. Ku Netherlands anachita kukumba maiwe okhala ndi ngalande zokhota zofoleredwa ndi ukonde, zomka zicheperachepera. Ankawetamo abakha ozolowera, ndipo kagalu kophunzitsidwa kankaonekera n'kubisala kuseri kwa mipanda ya bango, abakha am'tchire n'kumakatsatira mwachidwi mpaka kumapeto kwa ngalande. Malo oterewa amawatcha eendenkooi, kutanthauza khola la abakha, ndipo mawu a Chingerezi akuti decoy anachokera pamenepa.

Koma kumene bakha wamtengo anakulira n'kukhala luso ndi ku America, m'zaka za m'ma 1800. Mizinda ya Baltimore, Philadelphia ndi New York inkakula, njanji zinafika kugombe, ndipo mahotela ankafuna nyama ya bakha wam'tchire, makamaka canvasback wa ku Chesapeake Bay. Kusaka kunasiya kukhala kofuna ndiwo, kunasanduka bizinesi. Panabwera mfuti zikuluzikulu zomangirira pa bwato, zotha kugwetsa abakha makumi angapo pa kuwomba kamodzi. Panabweranso bokosi lomira, limene mlenje ankagonamo chagada, m'mphepete mwake muli chimodzimodzi ndi madzi, atazunguliridwa ndi abakha amtengo 200 kapena kuposa. Gulu la abakha likamadutsa m'mwamba linkaona anzawo ambirimbiri ali phee pamadzi, n'kutsika. Zotsatira zake mukuzidziwa.

Mlenje mmodzi akamafuna abakha amtengo mazana, ndiye kuti pafunika amisiri. M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, asodzi, okhoma mabwato ndi akalipentala ankathera nyengo yopanda ntchito akusema. Ku Detroit kunatsegulidwa fakitale ya Mason, imene inagwira ntchito kuyambira 1896 mpaka 1924, ikugulitsa abakha m'magiredi: Premier, Challenge ndi Standard, monga momwe fodya amaikidwira magiredi ku okushoni ku Kanengo.

Tsopano tiime pang'ono pa penti, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani. Kusema thupi sikunali kovuta kwa munthu wozolowera nkhwangwa ndi kasemasema. Ankasankha mtengo wopepuka wosaola msanga m'madzi, kawirikawiri wa mtundu wa mkungudza, mutu n'kusema padera ndi paini. Ena ankaboola m'kati kuti bakha apepuke. Kunsi ankakhomako mtovu kuti funde likamugubuduza adzuke yekha. Zonsezi ndi za m'manja. Penti ndiye inkafuna maso.

Lamulo loyamba ndi limene mzungu uja anawauza madala: asawale. Nthenga za bakha wamoyo sizinyezimira ngati galasi. Chinthu chonyowa chopakidwa penti yowala chimathwanima dzuwa likatuluka, ndipo bakha amene ali m'mwamba amadziwa nthawi yomweyo kuti apa pali chinyengo. Choncho amisiri ankayamba ndi kumwetsa mtengo mafuta ndi penti yoyambira kuti madzi asalowe, kenako n'kupaka penti ya mafuta, nthawi zambiri yomweyo yopakira nyumba ndi mabwato, koma yosungunulidwa kuti ikauma ikhale mbuu.

Lamulo lachiwiri: pakani zimene bakha amaona, osati zimene munthu amasirira. Bakha ali m'mwamba sawerenga nthenga imodziimodzi. Amaona zigamba: poyera, pakuda, pofiira. N'chifukwa chake ku malo a mafunde aakulu ankapaka mitundu yochepa koma yoonekera patali, ndipo ankachulukitsa atambala chifukwa ndiwo ali ndi zoyera zambiri. Koma m'madambo abata, kumene bakha amazungulira kawiri katatu asanatere, ankafunika kusamala kwambiri. Apa m'pamene panabadwira maluso ena okoma. Ankapaka mtundu umodzi n'kuusiya uume, kenako n'kupaka wina pamwamba, ndipo usanaume n'kukandapo ndi chipeso kapena msomali kuti mtundu wapansi uzionekera m'timizere tokhotakhota ngati ta pamsana pa bakha weniweni. Ena ankasakaniza mitundu iwiri idakali yaiwisi kuti pasaoneke malire. Thadzi, amene nthenga zake ndi zamawangamawanga, ankamudontheza ndi nsonga ya bulashi. Maso ankaika agalasi, kapena mitu ya timisomali, kapena kadontho ka penti basi.

Lamulo lachitatu silinali la penti koma la khalidwe. Bakha amene watukula khosi ndiye kuti waona choopsa. Mukayala abakha onse ali khosi njo, mwalemba chikwangwani choti thawani. Ndiye mmisiri wanzeru ankasema ena akugona, mlomo uli kumsana, ena akudzikonza nthenga, ena akudya. Pambali ankaikapo mbalame ya mtundu wina yodziwika ndi kuchenjera, monga kakowa wamkulu, kuti obwerawo aziti ngati uyu ali phee ndiye kuti kuli mtendere. Ndi nzeru yomwe ija ya Nebamun. Mwaona kuti kuti unamize mbalame uyenera kuidziwa kuposa momwe umadziwira mnansi wako? Anthu amene ankapha abakha ochuluka ndi omwewo amene ankadziwa kukongola kwawo mwatsatanetsatane.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bakha wa mtundu wa Labrador anatheratu m'zaka za m'ma 1870. Njiwa ya passenger pigeon, imene magulu ake ankaphimba dzuwa, inatha pa 1 September 1914 pamene yomaliza, dzina lake Martha, inafera kumalo osungira nyama ku Cincinnati. Mu 1918 boma la America linakhazikitsa lamulo la Migratory Bird Treaty Act, limene linathetsa malonda a mbalame zam'tchire zoyendayenda. M'zaka za m'ma 1930 chilala chinaumitsa madambo oswanirana abakha, chiwerengero n'kutsikanso. Mu 1934 anayambitsa sitampa ya dola imodzi imene mlenje aliyense ankayenera kugula, ndalama zake n'kumagulira ndi kuteteza madambo. Mu 1935 analetsa nyambo zamoyo pamodzi ndi bokosi lomira lija. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera abakha apulasitiki, otchipa ndi opepuka, ndipo amtengo ambiri anathera pamoto ngati nkhuni.

Amene anapulumuka anasintha ntchito. Mu 1934 katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku New York, Joel Barber, anatulutsa buku lotchedwa Wild Fowl Decoys, limene linachititsa anthu kuyamba kuona abakhawa ngati ziboliboli zoyenera kusungidwa. Mayina a amisiri anayamba kutchuka. Ku Crisfield ku Maryland kunali abale awiri ometa tsitsi, Steve ndi Lem Ward: Steve ndiye ankakonda kusema, Lem n'kumapaka. Ku East Harwich ku Massachusetts kunali Elmer Crowell, wobadwa mu 1862, amene anayamba ngati mlenje wogulitsa abakha. Mu 2007 ziboliboli zake ziwiri, bakha ndi tsekwe, zinagulidwa pa madola 1.13 miliyoni chilichonse. Ndipo tamverani izi: mlenje ankapakanso abakha ake chaka ndi chaka kuti azigwira ntchito, koma kwa ogula a lero, bakha wopakidwanso amatsika mtengo. Amafuna penti yoyamba, ngakhale yokalika, chifukwa m'menemo ndi mmene muli dzanja la mmisiri.

Mwina mwayamba kufunsa kuti nanga za ku America zikutikhudza bwanji ife. Tiyeni tibwerere kumudzi.

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno. Yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndipo kum'mawa kwake ndi malire a Mozambique. Imalandira madzi kuchokera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma ilibe mtsinje wotulutsa. Ndi yosazama, yozunguliridwa ndi madambo aakulu a njeza. David Livingstone ndi John Kirk anafikako mu April 1859, n'kulemba dzina lake kuti Shirwa. Amene munakwerapo bwato pa Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi mukudziwa momwe mbalame zimadzazira m'njezamo: atsekwe, abakha oliza likhweru a nkhope yoyera, akakowa, mavuwo, ndi tinkhuku ta m'madzi toyenda pamwamba pa zomera. Kuli mitundu ya mbalame yoposa 150, ndipo ina imachita kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia kuthawa chisanu, n'kudzabwerera nyengo ikasintha.

Mu 1897 boma la atsamunda linakhazikitsa malo awiri oyamba otetezera nyama m'dziko muno: Elephant Marsh ku Shire ndi dera la Chilwa. Chitetezo chake chinali cha mtundu wina. Mzungu wokhala ndi laisensi ndi mfuti ankatchedwa wamasewera, pamene munthu wakumudzi wotchera msampha kuti ana adye ankaoneka ngati wakuba. Kuyambira pamenepo, mawu akuti kuteteza nyama anayamba kumveka m'makutu a anthu ambiri ngati kulandidwa ndiwo. Patapita pafupifupi zaka 100, mu November 1996, Chilwa inalembedwa kukhala dambo loyamba la Malawi pa mndandanda wa mgwirizano wa Ramsar, umene unasainidwa ku Iran mu 1971 pofuna kuteteza madambo ofunika padziko lonse. Lachiwiri, mu 2017, linali Elephant Marsh. Malo awiri omwe aja.

Ku Chilwa, mlenje wa mbalame si munthu wamasewera. Nthawi zambiri ndi msodzi kapena mlimi wa mpunga. Nyanja ikakhala bwino, ndalama zimachokera ku matemba, makumba ndi milamba, ndipo asodzi amakhala masabata m'zimbowera, tinyumba toyandama pa njeza. Koma nyanjayi imauma. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo ambiri mukukumbukira zithunzi za 2018 za mabwato ali gwa pa matope ong'aluka. Nsomba zikasowa, mimba siidikira. Anthu amatembenukira ku mbalame. Ngakhale chaka chabwino, miyezi ya mvula pamene nkhokwe zapepuka ndi yomwenso mbalame zambiri zimaswana, ndipo ndi yomwenso misampha imachuluka. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa ku Chilwa pa chaka. Zina zimadyedwa pakhomo, zina zimakazingidwa n'kukagulitsidwa m'misika.

Nanga bwanji ku Chilwa sikunabadwe mwambo wa bakha wosema ngati wa ku Chesapeake? Si kuti kunalibe amisiri. Anthu osema mabwato, mitondo ndi ng'oma sangalephere bakha. Yankho lili pa chida chophera. Bakha wamtengo ndi mnzake wa mfuti ya zipolopolo zomwazika: ntchito yake ndi kukokera mbalame youluka kuti ifike pamene mfuti ingaipeze. Kumene mfuti, zipolopolo ndi laisensi zili zodula, njira imeneyi ilibe phindu. Alenje a mfuti ku Chilwa alipo, osaka abakha ndi atsekwe, koma ambiri ndi otchera. Msampha sufuna kuti mbalame itsike kuchokera m'mwamba. Umafuna kudziwa njira imene imayenda m'njeza, pamene imadyera, nthawi imene imatuluka. Chinyengo cha wotchera sichili pa penti, chili pa malo, pa khwekhwe lobisika bwino ndi timbewu ta mpunga. Koma maso ake ndi amodzimodzi ndi a Lem Ward. Onse awiri anathera moyo wawo akuyang'anitsitsa mbalame.

Ndipo onse awiri anafika pa funso limodzi: tikazimaliza, tidzadya chiyani? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alenje a ku Chilwa anapanga makalabu n'kuwaphatikiza kukhala bungwe lotchedwa Mwayi wa Mbalame, mothandizidwa ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi komanso bungwe la alenje a ku Denmark. Anagwirizana zopatula malo ena kuti mbalame ziziswana popanda kusokonezedwa, ndi kuika nyengo yoleka kusaka. Onani kusiyana kwake ndi 1897: apa lamulo silinachokere kwa bwanamkubwa, linachokera kwa eni misampha. Ku America nakonso, amene ankagula sitampa ija ya 1934 anali alenje. Mlenje ndiye amayamba kudziwa kuti mbalame zachepa, chifukwa ndi iye amene amabwerera kunyumba chimanjamanja.

Koma tisanamizane kuti nkhani ziwirizi n'zofanana. Mlenje wa ku Maryland ataletsedwa kugulitsa abakha anali ndi kolowera: ankakola nkhanu, kugwira ntchito m'fakitale, kapena kuperekeza olemera okasaka mwamasewera. Mlenje wa ku Chilwa mukamuuza mu February kuti asatchere, mumuuzenso chimene ana ake adye usiku umenewo. Ife a m'maofesi a ku City Centre timalemba mapulani okoma, timachita misonkhano m'mahotela, timakumbutsana za lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992 limene linakhwimitsidwa mu 2017. Zonsezo n'zofunika. Koma nkhalango za kumtunda zikapitiriza kutha, mitsinje n'kumatsitsira dothi m'nyanja, mvula n'kumavuta, ndiye kuti nsomba zipitiriza kusowa ndipo mbalame zipitiriza kulipira ngongole imene sizinatenge. Chalaka bakha nkhuku singatole. Ngati msodzi wobadwira pa nyanjapo zamukanika, pepala lochokera ku Lilongwe palokha silingathe.

Pali chinthu chinanso chimene chikundiwawa, ndipo ichi n'chokhudza ife olemba. Bakha wa Crowell anafika pa madola miliyoni chifukwa anthu ena anavutika kulemba: anasema ndani, chaka chiti, mudzi uti, ankapaka bwanji. Crowell mwini ankadinda dzina lake kunsi kwa abakha ake. Popanda dzina ndi mbiri, chikanakhala chipika chabe chokhala ndi mlomo. Kuno kwathu, kupatula malo ngati Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amisiri athu ambiri amagulitsa ntchito zawo popanda dzina. Pitani pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town mukaone: ziboliboli zimakwera ndege kupita ku Ulaya, n'kukakhala pa shelefu ngati za ku Africa basi. Chimodzimodzi nzeru za otchera. Mayina a mbalame za m'madzi m'Chinyanja cha ku Chisi, m'Chilomwe ndi m'Chiyao, mitundu ya misampha, kaphikidwe ka ulimbo, malamulo akale oletsa kupha mbalame zina monga nantchengwa, zonsezi zili m'mitu ya anthu okalamba. Ana athu a m'tauni amadziwa bakha wa m'katuni kuposa tsekwe. Munthu wa ku Lovelock uja anatisiyira abakha 11 m'phanga louma. Msampha wa chingwe ndi bango susiya kanthu. Ukaola, watha, pokhapokha wina ataulemba.

Patapita masabata awiri ndinabwereranso kwa madala aja. Bakha uja anali atatengedwa, koma anali atayamba kusema wina, ulendo uno tsekwe wa kwathu konkuno, wakuda ndi zoyera kumimba. Anati kwawo ndi ku Machinga, ndipo ali mnyamata ankatchera m'dambo. Anandifotokozera mmene tsekwe amaimira akamva mtswatswa, mmene amatembenuzira mutu, pamene zoyera zimathera pa phiko. Sanafune chithunzi cha pafoni.

"Madala, ameneyu mukamaliza mulembe dzina lanu kunsiku, ndi chaka."

"Aa, abwana, dzina langa aligule ndani?"

Ndinawauza za Crowell. Anangopukusa mutu n'kunena kuti azungu ali ndi nthabwala. Koma nditadutsanso Lachisanu, anandikodola, n'kutembenuza tsekwe uja. Kunsi kunali zilembo zotemedwa ndi mpeni, ndi chaka. Ndinamugula. Ali pa windo la ofesi yanga, akuyang'ana cha ku mtsinje wa Lingadzi, ndipo sindinamupake polishi.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Gulu lino lili ndi anthu a ku Zomba, a ku Phalombe, a ku Nsanje ndi Chikwawa kufupi ndi Elephant Marsh, a ku Chiuta, a ku Malombe, a ku Kazuni, a ku Chia. Mukapita kumudzi mwezi uno, khalani pansi ndi agogo kapena amalume amene ankatchera. Afunseni mayina a mbalame za m'madzi m'chilankhulo cha kwanu, misampha imene ankagwiritsa ntchito, nyambo yake, ndi mbalame zimene ankaziona kale koma lero sakuzionanso. Lembani momwe anenera, ndipo akalola, lembaninso dzina lawo ndi mudzi. Mudzatibweretsere muno tidzawerenge limodzi.

Sabata yamawa ndi gawo la wina.